Sola, nkhuni, mitengo kapena makirediti a kaboni: kampani yanu iyambire pati?

Amene amagulitsa tiyi, khofi, makadamiya kapena fodya kunja akuidziwa fomu imene wogula amatumiza. Kale wogula ankafunsa za chinyezi cha katundu, mankhwala otsalira ndi tsiku lokweza kontena, basi. Masiku ano kumapeto kwake kwabwera tsamba lina: chaka chatha munatulutsa matani angati a mpweya wotenthetsa dziko, ndipo mwalonjeza kuchepetsa bwanji?

Gwero lake ndi malonjezo a makampani akuluakulu. Mayiko atagwirizana ku Paris mu 2015 kuti kutentha kwa dziko kusakwere kufika madigiri 2, ndipo ngati n'kotheka kulekezere pa 1.5, makampani nawo anayamba kutchula zaka zawo. Unilever inati pofika 2039 idzakhala itafafaniza mpweya wake wonse. Microsoft mu Januwale 2020 inalonjeza kuti pofika 2030 izidzachotsa mumlengalenga mpweya wochuluka kuposa umene ikutulutsa. Tsono makampani oterewa sawerenga utsi wa m'mafakitale awo okha. Kawerengedwe kamene ambiri amatsata, ka Greenhouse Gas Protocol, kamagawa utsi patatu. Scope 1 ndi zimene mwawotcha nokha: dizilo, malasha, gasi. Scope 2 ndi magetsi amene mwagula. Scope 3 ndi utsi wa onse amene mumachita nawo malonda, kuyambira mlimi mpaka woyendetsa lole. Ndiye kuti utsi wa jenereta ya fakitale ya ku Thyolo umalembedwa m'buku la kampani yopakira tiyi ku London. N'chifukwa chake fomu ija yafika pa desiki panu.

Njira zoyankhira zilipo zingapo, ndipo aliyense wobwera ndi kabuku konyezimira amati yake ndiyo yabwino. Pano tiziika pa sikelo imodzi.

## Zoyezera

Choyamba ndi mtengo, ndipo kwathu kuno funso lenileni ndi lakuti mulipira m'makwacha kapena m'madola. Amene anasainira katundu wakunja kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sakufunika kuwafotokozera. Chachiwiri ndi kupezeka: katunduyo, mmisiri wake ndi sipeya zake zili ku Limbe ndi ku Kanengo, kapena mpaka kudikira ndege yochokera ku Johannesburg? Chachitatu ndi kusamalira, chifukwa zambiri zimafa chaka chachiwiri, alendo ndi makamera atapita. Chachinayi ndi zoopsa: kutaya ndalama, kuphwanya lamulo, kapena kugwidwa bodza pamaso pa wogula.

Koma musanayeze njira iliyonse, khalani pansi ndi akauntanti wanu sabata imodzi. Tulutsani malisiti a mafuta, mabilu a ESCOM, buku la nkhuni ndi mainvoisi a wokonza mafiriji. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa kaboni. Ya petulo, pafupifupi 2.3. Jenereta yomwa malita 200 pa sabata ndiye kuti pa chaka yatulutsa matani 28.

Mukatero mudzaona chinthu chimene alangizi ochokera kunja amachiphonya. Magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuwonjezerapo sola ya ku Salima ndi ku Golomoti. Ku South Africa, kumene kampani ya magetsi ya Eskom imadalira malasha, panelo iliyonse ya sola imazimitsa malasha. Kuno panelo yolowa m'malo mwa magetsi a ESCOM imapikisana ndi madzi a Shire, amene alibe utsi. Utsi wa kampani ya ku Malawi uli mu jenereta, mu mulu wa nkhuni kuseri kwa fakitale, m'malole, ndi m'gasi wa mafiriji. Njira imene sikukhudza zimenezi ikukanda pamene sipakuyabwa.

## Kutseka mipata imene ikutayitsa mphamvu

Iyi ndi njira yopanda chithunzi chokongola, n'chifukwa chake mabwana saikonda.

Mtengo. Wochepa kuposa njira zonse, ndipo zambiri mumalipira m'makwacha: kukuta mapaipi a nthunzi, kutseka pothawira mpweya wa kompuresa, kusintha malabala a zitseko za chipinda chozizira, kuika mababu a LED, kukonza ndondomeko yoti lole isabwerere yopanda katundu. Zodula pang'ono ndi mota zatsopano ndi zida zowongolera liwiro la mota.

Za mafiriji ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu amadabwa nazo. Gasi wa R-404A, amene amapezeka m'zipinda zambiri zozizira za nyama, nsomba ndi mkaka, kilogalamu imodzi ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko ngati matani pafupifupi 4 a kaboni. Mmisiri akabwera n'kuwonjezera makilogalamu 10 osafufuza pamene pakudontha, mwatulutsa matani oposa a jenereta ija ya chaka chathunthu. R-22 wa m'makina akale oziziritsa m'maofesi amafika matani 1.8 pa kilogalamu. Pa invoisi pamangolembedwa kuti awonjezera gasi, ndipo palibe amene amafunsa kuti wakaleyo anapita kuti.

Kupezeka. Amisiri alipo m'mizinda yonse. Osowa ndi amene ali ndi zida zoyezera komanso mtima wofufuza podontha m'malo mongothira gasi wina.

Kusamalira. Apa ndi pa khalidwe la anthu, osati makina. Payenera kukhala munthu mmodzi wodziwika amene amalemba mita ndi malita sabata iliyonse.

Zoopsa. Zochepa. Mukasinthira ku firiji ya gasi wa R-290, amene satenthetsa dziko kwenikweni, dziwani kuti gasiyo amayaka moto ndipo safuna mmisiri wongophunzira pa ntchito. Vuto lina ndi lakuti phindu la njirayi lili ndi malire: mukatseka mipata yonse, jenereta idzaliralirabe magetsi akazima.

## Sola m'malo mwa jenereta

Mtengo. Mapanelo atsika mtengo kwambiri pa dziko lonse. Zimene zimaluma ndi mabatire ndi inveta, chida chosintha magetsi a mapanelo ndi mabatire kukhala ngati a ESCOM, ndipo zonse ndi zakunja. Ngati ntchito yanu yambiri ndi yamasana, monga ofesi, sitolo, kupopa madzi othirira kapena malo osetera mbewu, mungathe kuyamba ndi mapanelo ndi inveta yogwirizana ndi jenereta, mabatire ochepa. Ngati ntchito ndi yausiku, monga malo ogona alendo kapena chipatala, mabatire ndiwo adzadye gawo lalikulu la ndalama. Powerengera nthawi yobweza ndalama, yerekezani ndi mtengo wa dizilo amene simudzagulanso, osati ndi bilu ya ESCOM yokha. Muikemonso masiku amene dalaivala wanu amagona pa mzere wa mafuta ndi zigubu. Za msonkho wolowetsera katundu, funsani ku MRA za chida chilichonse pachokha musanaitanitse, chifukwa panelo, batire ndi waya sizilipitsidwa mofanana nthawi zonse.

Kupezeka. Ogulitsa achuluka, abwino ndi achinyengo omwe. Pali mapanelo olembedwa mawati amene alibe. Funsani chiphaso cha MERA cha woikayo, ndipo pemphani kukaona ntchito imene anaika zaka zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha. Ngati wina akukulonjezani kuti magetsi otsala mudzagulitsa kwa ESCOM, musawerengere ndalamayo mpaka mutagwira mgwirizano wolembedwa.

Kusamalira. Walira mvula walira matope. Mapanelo abwino amakhala zaka 25, koma fumbi la Seputembala ndi Okutobala limawaphimba ndipo amafuna kutsukidwa. Inveta mudzaisintha kamodzi kapena kawiri mapanelo asanathe. Mabatire a lithium amatha kufika zaka 10. A asidi aja, ngati mwawasamala, zaka zochepa chabe. Mnzanga wina wa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja anagula a asidi poti anali otchipa, n'kuwaika m'kachipinda ka malata kopanda zenera. Batire ya asidi sifuna kutentha, ndipo sifuna kukamidwa kupitirira theka. Iye analumikizako giza ya madzi osamba ndi ketulo ya kukhitchini. Mvula yachiwiri isanagwe, magetsi ankazima alendo ali pakati pa chakudya chamadzulo, ndipo mlonda ankathamanga ndi tochi kukaliza jenereta yomwe ija. Giza anafunika kuika ya dzuwa yapadenga, imene sifuna batire n'komwe.

Zoopsa. Mphezi, ngati sanaike zotetezera ndi waya wapansi. Akuba. Ndi mota zazikulu: mota ya chigayo ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, ndipo inveta yoyezedwa molakwika imangodzizimitsa. Komanso kumbukirani kuti magetsi a ESCOM akakhazikika, phindu la sola pa nkhani ya utsi limachepa. Linali lalikulu mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, majenereta akulira usana ndi usiku.

## Kusintha chimene mumasonkhezera moto

Kwa fakitale ya tiyi, mlimi wa fodya wa fuluu, bekale, sukulu yogonera pompo, wowotcha laimu ndi womanga nyumba, nkhani yagona apa. Ndipo ndi pano pamene kampani ya ku Malawi ingathandize dziko lake mooneka ndi maso, chifukwa mapiri athu akumetedwa ndi nkhuni ndi makala.

Nkhuni si zofanana. Bulugamu wa m'munda wanu, amene mukadula amaphukanso kapena mumabzala wina, amabweza mpweya umene anatulutsa. Msuku ndi mombo zodulidwa m'nkhalango yachilengedwe osabwezeretsa ndi utsi weniweni, ngakhale invoisi ikungoti nkhuni. Wogula wochenjera adzafunsa kumene zachokera.

Mtengo. Chotchipa koposa ndi shedi. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madziwo usanatenthetse boila. Nkhuni zouma bwino pansi pa denga zimachepetsa mulu umene mumagula popanda kusintha makina alionse. Chotsatira ndi kukonza ng'anjo: zigafa za fodya zamakono za roketi ndi mbaula zazikulu zomangira za kukhitchini zimadya nkhuni zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zakale. Munda wa mitengo umafuna malo ndi kudikira zaka 6 mpaka 8 musanadule koyamba. Gasi wophikira ndi waukhondo kukhitchini koma ndi wochokera ku mafuta apansi, ndipo amalowa ndi ndalama zakunja.

Kupezeka. Yang'anani zinyalala zimene zili pafupi nanu. Illovo imawotcha zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa n'kupeza nthunzi ndi magetsi a fakitale. Mankhusu a mpunga ku Karonga ndi ku Nkhotakota, makoko a mtedza ku Mchinji, makoko a makadamiya ku Thyolo, utuchi wa ku Chikangawa, zonsezi zimayaka, zina zili choncho, zina zitaumbidwa mabriketi. Msampha uli pa mtunda: zinyalalazi ndi zopepuka koma zodzaza lole, ndipo mukazitenga kutali mwawotcha dizilo kuti mupulumutse nkhuni. Zimabweranso ndi nyengo, ndiye pamafunika nkhokwe.

Kwa omanga, malamulo a mu 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Ambiri anathamangira ku mabuloko a simenti. Koma simenti nayo si yoyera: kupanga kwake kumatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni pa dziko lonse. Njerwa zadothi zotsindira ndi makina, zothira simenti pang'ono, zimapewa nkhuni n'kuchepetsanso simenti, ngati dothi layezedwa bwino.

Kusamalira. Munda wa mitengo umafuna kupalira, kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, ndi mlonda. Mankhusu a mpunga amasiya phulusa lambiri, ndipo wosonkhezera moto amene anazolowera zipika ayenera kuphunzitsidwanso, apo ayi adzabwerera ku zipika inu mukangotembenuka.

Zoopsa. Bulugamu amamwa madzi. Wobzalidwa m'mbali mwa mtsinje kapena padambo adzakudanitsani ndi mudzi wonse. Makala opanda chiphaso ndi mlandu, ndipo lamulo la nkhalango litasinthidwa mu 2020 zilango zinakwera. Ogulitsa khofi, labala, soya ndi matabwa ku Ulaya adziwenso kuti European Union ili ndi lamulo lokana katundu wolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Tsiku loyambira lakhala likusunthidwa, koma ogula ayamba kale kufunsa malo enieni a munda uliwonse pa mapu.

## Kubzala mitengo m'madera

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Pafupifupi kampani iliyonse ya dzina ili ndi chithunzi cha bwana atagwira khasu.

Mtengo. Mbande ndi zotchipa. Kawirikawiri malaya olembedwa dzina la kampani, mahema ndi chakudya cha tsikulo zimadya ndalama zoposa za mitengoyo.

Kupezeka. Manazale ali paliponse. Chosowa ndi malo amene mwini wake akudziwika ndipo wavomera kuti pakhale mitengo kwa zaka 20.

Kusamalira. Ndinakhalapo pa mwambo wotere, paphiri lina m'chigawo chapakati. Tinaimba, tinabzala, tinajambulitsa, mapepala akuda a mbande tinawasiya pompo. Ndinadutsanso mu Seputembala. Lupsa linali litadutsa kale, pamene moto sunafike panali mbuzi, ndipo chikwangwani cha kampani chinali chiimire chokhachokha. Palibe amene anapatsidwa ntchito yosamalira, poti bajeti inathera pa tsiku lobzala. Ngati mwasankha njirayi, gwirizanani ndi amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, lipirani potengera mitengo yamoyo pakatha chaka ndi pakatha zaka zitatu, ndipo ganizirani zosamalira zitsa zophukira. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili ndi mizu kale, sichiopa chiswe ngati mbande, ndipo chimangofuna kupatulira nthambi ndi kuchiteteza ku moto.

Zoopsa. Mtengo umayamwa mpweya pang'onopang'ono, ndipo tsiku limodzi la moto limabweza zonse. Musalembe mu lipoti kuti mbande 10,000 zafafaniza utsi wa malole anu. Lembani kuti mwathandiza mudzi kuteteza gwero la madzi, ngati n'zimene zachitika.

## Kugula makirediti a kaboni

Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya imene wina, kwinakwake, akuti waipewa kapena waichotsa. Mumalipira, n'kulemba kuti utsi wanu wafafanizidwa.

Mtengo. M'madola. Otchipa, a madola ochepa pa tani, nthawi zambiri ndi a mapulojekiti oteteza nkhalango kapena ogawa mbaula. Ochotsa mpweya mumlengalenga ndi makina amafika madola mazanamazana. Ndipo mumagula chaka ndi chaka, osatsala ndi chilichonse chogwirika.

Kupezeka. Kosavuta, kudzera mwa amalonda ogulitsa makirediti olembetsedwa ku Verra kapena Gold Standard, mabungwe ovomereza makirediti. Kuvuta kwake ndi kupeza forex.

Kusamalira. Palibe chopukuta fumbi, koma pali ntchito yowerenga: pulojekitiyo ili kuti, makirediti ndi a chaka chiti, anayeza ndani, ndipo anthu a m'deralo amalandira zingati.

Zoopsa. Chikomekome cha mkuyu. Mu Januwale 2023 nyuzipepala za The Guardian ndi Die Zeit pamodzi ndi SourceMaterial zinalemba kuti makirediti oposa 90 peresenti a nkhalango zamvula ovomerezedwa ndi Verra sankaimira mpweya weniweni wopewedwa. Verra inatsutsa, koma msika unagwedezeka. Chaka chomwecho pulojekiti yaikulu ya Kariba ku Zimbabwe inagwa m'mavuto pa kawerengedwe kake ndi kayendedwe ka ndalama, ndipo kampani ya South Pole, imene inkagulitsa makirediti ake, inatulukamo mu Okutobala. Nkhani yotikhudza kwambiri ndi ya mu Okutobala 2024, pamene boma la United States linatsegulira mlandu wachinyengo Kenneth Newcombe, yemwe anali mkulu wa kampani ya makirediti a kaboni ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti manambala a mapulojekiti a mbaula, ena a iwo a kuno ku Malawi, anasinthidwa kuti makirediti achuluke. Iye anakana mlanduwo. Mbaula payokha ilibe chifukwa. Mayi wophika pa chitetezo mbaula amatoladi nkhuni zochepa. Povuta ndi pa funso lakuti mbaula zingati zikugwiradi ntchito pakatha zaka ziwiri, ndipo wowerengayo ndi yemweyo amene amapindula nambala ikakula.

Malamulo nawo akutseka khomo. Kuyambira Seputembala 2026, ku European Union sikudzaloledwa kulemba pa katundu kuti alibe utsi pongodalira makirediti ogula.

Kampani ya kuno ili ndi mwayi waukulu kukhala mbali yogulitsa kusiyana ndi yogula, ndipo boma linakhazikitsa Malawi Carbon Market Initiative mu 2023 pofuna kuongolera malondawa. Koma kulembetsa pulojekiti, kulipira oyendera ochokera kunja ndi kudikira chilolezo zimatenga zaka ndi madola ambiri. Munda wa mahekitala 20 sungabweze ndalama imeneyo pawokha.

## Kulembetsa lonjezo lovomerezeka

Iyi siichepetsa utsi payokha. Ndi goli limene mumadzimanga nalo kuti njira zinazo zichitike. Lodziwika kwambiri ndi la Science Based Targets initiative, SBTi mwachidule, bungwe limene linayambitsidwa mu 2015 ndi CDP, UN Global Compact, World Resources Institute ndi WWF. Muyeso wake wa mu Okutobala 2021 umafuna kuti makampani ambiri achepetse utsi ndi 4.2 peresenti pa chaka m'zaka zoyambirira, ndi pafupifupi 90 peresenti pofika 2050. Ngati Scope 3 yaposa magawo 40 pa 100 a utsi wanu wonse, nayonso iyenera kulowa. Makirediti ogula sawerengedwa ngati kuchepetsa.

Mtengo. Malipiro a bungwelo, a mlangizi, ndi nthawi ya antchito anu. Makampani ang'onoang'ono ali ndi khomo lawo lofupikirapo ndi lotchipirapo.

Kupezeka. Zonse zimachitikira pa intaneti, m'Chingerezi. Chovuta ndi manambala: alimi 3,000 amene amakugulitsani mbewu salemba matumba a feteleza amene athira, pamene feteleza amatulutsa mpweya wa nitrous oxide, woposa kaboni mphamvu ka 270 kapena kuyandikira apo.

Kusamalira. Kuwerenga ndi kulengeza chaka chilichonse. Makampani a pa msika wa masheya ndi amene amabwereka kumabanki akunja ayang'anenso muyeso wa IFRS S2, umene unatuluka mu Juni 2023 ndipo umafuna kuti za nyengo zizilembedwa limodzi ndi malipoti a zachuma.

Zoopsa. Kulonjeza zimene simungathe. Mu Malichi 2024 SBTi inachotsa malonjezo a makampani oposa 200 amene sanapereke ndondomeko pa nthawi yake. Mwezi womwewo Shell inasiya cholinga chake cha 2035 chochepetsa utsi, ndipo BP mu Febuluwale 2025 inabwerera ku mafuta ndi gasi poyera. Microsoft inaulula mu 2024 kuti utsi wake wakwera ndi 29 peresenti kuchokera 2020, Google ndi 48 peresenti kuchokera 2019, makamaka chifukwa cha nyumba zosungira makompyuta akuluakulu. Ngati zimphona zimenezi zikupunthwa, kampani ya ku Chirimba imene ikufuna kuwirikiza kawiri katundu wake m'zaka zisanu iganize kawiri isanasainire kuchepetsa utsi wonse chaka ndi chaka. Ngakhale boma lathu, mu lonjezo lake la 2021, linati lidzachepetsa utsi ndi 51 peresenti pofika 2040 poyerekeza ndi momwe zikanakhalira, koma 6 peresenti yokha ndi ya m'thumba mwathu. Yotsalayo ikudikira thandizo lakunja. Ine ndimaona kuti kwa kampani yomwe ikukula, lonjezo loona mtima ndi la utsi pa tani iliyonse ya katundu, kapena malita a dizilo pa mlendo aliyense wogona, ndipo ogula ambiri amalilandira ngati manambala ake ali ndi malisiti.

## Ndani atenge iti

Wachigayo, wawelding'i, wabutchala ndi wasitolo: tsekani mipata, konzani firiji, lembani malita. Sola ibwere mukadziwa kuti jenereta imalira maola angati, ndipo wachigayo ayambe wafunsa za mota yake. Makirediti ndi SBTi musazitayire nthawi.

Malo ogona alendo, zipatala zapadera ndi sukulu zogonera: giza yadzuwa ndi mbaula yomangira choyamba, kenako sola ya mabatire a lithium. Ngati ndalama sizikukwana lithium, chepetsani zimene mukulumikiza m'malo mogula batire yotchipa.

Fakitale ya boila, esiteti ya tiyi, wogula fodya ndi bekale yaikulu: shedi ya nkhuni, ng'anjo yabwino, munda wanuwanu wa mitengo, ndi zinyalala za mbewu ngati zili pafupi. Sola padenga la ofesi idikire.

Kampani ya malole: matayala, maseviso, liwiro la madalaivala ndi katundu wobwerera naye. Mitengo bzalani ngati mukufuna, koma musaiphatikize ndi nkhani ya dizilo.

Banki, kampani ya inshuwalansi kapena ya mafoni: utsi wanu wa m'nyumba uli mu majenereta a manthambi ndi a nsanja, ndipo sola ikugwira bwino pamenepo. Kwa banki, waukulu uli mwa amene mumawabwereketsa. Ngongole yachiwongoladzanja chotsika kwa wogula sola kapena womanga chigafa chamakono imachita zambiri kuposa tsiku lobzala mitengo.

Wogulitsa kunja amene wogula wake watchula SBTi mu kontirakiti: lembetsani, kudzera pa khomo la makampani ang'onoang'ono ngati mukuyenera, koma mutawerenga kale utsi wa chaka chathunthu. Ngati wogula wangotumiza fomu osatchula bungwe lililonse, mutumizireni malita, matani a nkhuni, kumene nkhunizo zachokera, ndi chinthu chimodzi chimene musinthe chaka chino. Mumufunsenso ngati ali wokonzeka kuwonjezera kenakake pa kilogalamu, kapena kusaina kontirakiti ya zaka zitatu, kuti ngongole ya mabatire ija ikhale ndi pogwira.